Zithunzi za mayi woyembekezera: Ndalama zisadutse pa Mpingu

Aliyense amene ali ndi foni ya WhatsApp wazionapo kale zithunzizi. Mayi woyembekezera wavala diresi lalitali, manja ali pamimba, bambo aima pambali, mwana woyamba wagwira mwendo wa mayi ake. Mwambowu unayambira m'tauni, koma tsopano ukufika m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M12, wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito ku Chitedze ndi mabanja achinyamata amene akuchita bwino pa ulimi nawonso akufuna chikumbutso chotere.

Funso kwa inu amalonda ndi lakuti: ndalama ya chovala, ya tsitsi ndi ya chithunzi ikutsala kuti? Pa Mpingu ndi pafupi ndi tauni. Banja likaona kuti pamsika palibe amene angalikonzere zinthu bwino, limakwera minibasi n'kukasiya ndalama yonse ku Lilongwe. Telala, wa kaunjika, wa zitenje, wa saluni ndi wojambula atagwirizana, ndalama imeneyi itha kutsala pompano.

Kudziwa kumene mwambowu unachokera kumathandiza posankha zoti mutengere. Mu 1991 magazini ya ku America ya Vanity Fair inaika pachikuto chithunzi cha katswiri wa mafilimu Demi Moore ali ndi pakati, chojambulidwa ndi Annie Leibovitz, ndipo anthu anakangana nacho kwambiri chifukwa sanavale. Mu Febuluwale 2017 woyimba Beyoncé analengeza pa Instagram kuti akuyembekezera mapasa pogwiritsa ntchito chithunzi. Kuchokera apo, zithunzi zotere zinafalikira paliponse pamene pali foni. Koma zoonetsa mimba pamtunda sizingayende kuno. Kwathu mimba ndi chinthu cholemekezeka. Mtsikana akatenga pakati poyamba, anamkungwi amamulangiza pa chisamba, ndipo akuluakulu ambiri safuna kuti nkhani ya pakati izilengezedwa mwana asanabadwe. Wamalonda wanzeru ayambire pamenepo: chovala chikhale choti mayi sangachite nacho manyazi apongozi ake akaona chithunzicho.

Nthawi yabwino yojambula ndi mwezi wa 7 kapena kumayambiriro kwa mwezi wa 8. Apa mimba yaoneka bwino koma mayi akadali ndi mphamvu zoyenda ndi kuima. Mukadikira mwezi wa 9, miyendo imakhala itatupa, mayi amatopa msanga, ndipo mwana atha kubwera diresi lili pa mashini. Choncho kasitomala akabwera, funso loyamba likhale la mwezi umene akuyembekezera kuchira, monga anamuuzira kusikelo. Mukatero werengani chobwerera m'mbuyo ndi kupangana tsiku.

Atelala, thupi la mayi woyembekezera limasintha sabata ndi sabata. Muyezo wa lero sugwira pakatha mwezi. Muyezeni patatsala masabata awiri kuti ajambulidwe, ndipo abwere kudzayesa patatsala masiku atatu kapena anayi. Yezani pachifuwa, pansi pa mabere, ndi pamene mimba yatukuka kwambiri. Chiuno cha diresi chikhale pansi pa mabere kuti nsalu itsike momasuka. Kutsogolo kukhale kotalikirapo kusiyana ndi kumbuyo, chifukwa mimba imanyamula nsalu. Mukadula mofanana, diresi limakwera kutsogolo ndipo pachithunzi zimaonekeratu. Siyani nsalu yokwanira m'misoko kuti mukafuna kukulitsa musavutike. Kumbuyo ikani lasitiki kapena zingwe zomanga m'malo mwa zipi yothina.

Chitenje chimodzi cha masiku onse chimakhala cha mamita awiri. Diresi lofika kuphazi la mayi woyembekezera silingatuluke m'chitenje chimodzi, choncho muuzeni kasitomala agule ziwiri kapena zitatu za mtundu umodzi nthawi imodzi. Akabwerera kumsika mawa lake atha kupeza mtunduwo watha. Chapani nsaluyo musanadule kuti sitachi ichoke, ndipo ngati ndi yosuluka kapena yofupika ikanyowa, mudziwiretu.

Pali njira imodzi yomukopera kasitomala amene akuwerengera ndalama. Sokani diresi loti adzavalanso atachira: mabatani kapena zipi yobisika pachifuwa kuti azidzayamwitsa mosavuta, ndi zingwe za m'chiuno zoti adzamange mimba ikaphwa. Nsalu yotsala, ngati ndi yaikulu, mupindireni m'mbali kuti idzakhale mbereko. Mayi akamva kuti chovalacho adzapita nacho kutchalitchi ndi kusikelo ya mwana, savutika kutulutsa ndalama.

Povala banja lonse, ambiri amalakwitsa posoka yunifomu ngati ya kwaya kapena ya operekeza ukwati. Onse akavala chitenje chimodzi kuyambira kumutu mpaka kuphazi, maso a woona chithunzi amasochera m'maluwa a nsalu ndipo mayi, amene ndiye mwini tsikulo, saonekanso. Chitenje chonse chivalidwe ndi mayi. Bambo avale shati yopanda maluwa, yoyera kapena ya mtundu umodzi wopezeka m'chitenjecho, ndipo inu muikepo kansalu ka chitenje pakolala kapena pathumba. Mwana wamkazi mumusokere kasiketi kapena kaduku, wamwamuna kamalaya. Njira imeneyi imadya nsalu yochepa, ndipo zidutswa zimene mumasesa madzulo zimasanduka ndalama. Auzeninso makasitomala apewe malaya olembedwa mawu akuluakulu, a timu ya mpira kapena nsalu ya chipani. Chithunzichi chidzakhala pakhoma zaka zambiri, mwinanso chipanicho chitatha kale.

Kwa inu a kaunjika, mpata uli pa hayala. Chichokereni pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa belo wakhala ukukwera, mpaka mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita zionetsero kupita ku Nyumba ya Malamulo. Pamene mpamba ukuvuta chonchi, chovala chimodzi chizibweretsa ndalama kangapo. Mukatsegula belo la madiresi, kapena mukamasankha ku Tsoka, patulani madiresi ataliatali a nsalu yotanuka, a mtundu umodzi wopanda maluwa ambiri. Nsalu yotanuka imakwana amayi a matupi osiyanasiyana, ndiye diresi limodzi lingavalidwe ndi anthu ambiri.

Tiyerekeze masamu ake, ndipo inu muikepo mitengo ya lero. Diresi mwaligula K30,000. Kuchapa ndi kusita kukudyerani K1,500 nthawi iliyonse. Mukalibwereketsa pa K7,500, mumatsala ndi K6,000, ndiye kuti makasitomala asanu abweza mpamba wonse, ndipo kuyambira wachisanu ndi chimodzi ndi phindu, diresi likadali lanu. Koma hayala yopanda dongosolo imathetsa mpamba. Khalani ndi kope lolembamo dzina, nambala ya foni, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza. Tengani chikole, ndipo akatumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba sungani uthengawo. Onetsetsani chovala muli awiri asanachoke nacho, kuti pobweza pasakhale mkangano wa banga kapena pong'ambika. Chikabwera chichapidwe ndi kuumitsidwa padzuwa tsiku lomwelo. Khungu la mayi woyembekezera silichedwa kuyabwa, ndipo mbiri yoti zovala zanu zimapatsa ziwengo ingathetse bizinesi pa sabata imodzi.

A saluni, musaluke tsitsi tsiku lojambula. Lukani dzulo lake kapena dzana, chifukwa tsitsi longoluka kumene limakoka nkhope ndipo mayi amafika kwa wojambula atatopa kale. Sankhani maluko osatenga tsiku lonse, mupatseni mpando wotsamira, ndipo aziimirira ndi kuyendayenda pakapita kanthawi. Duku lomangidwa bwino la chitenje chomwecho limakongola pachithunzi ndipo silitenga ngakhale mphindi khumi. Musamugulitse mafuta oyeretsa khungu pofuna kuti awale pachithunzi. Ena mwa mafuta amenewa amakhala ndi mankhwala a mercury, amene amaononga impso ndipo amatha kufika kwa mwana ali m'mimba. Paudala pang'ono wochotsa kunyezimira kwa thukuta ndi wokwanira. Nsapato zikhale zafulati. Zagogoda pa nthaka yokumbikakumbika zingagwetse mayi, ndipo diresi lalitali limabisa mapazi kale.

Ojambula, dzuwa la masana limatsinzinitsa anthu ndi kuika mithunzi pansi pa maso. Jambulani m'mawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo litapendeka, koma mutsirize kusanade chifukwa udzudzu umayamba, ndipo malungo ndi oopsa kwa mayi woyembekezera. Mu Okutobala, pamene kukutentha kwambiri, m'mawa ndiye bwino. Kuyambira Disembala mpaka Malichi minda imakhala yobiriwira ndipo diresi loyera kapena lachikasu limaoneka bwino, koma khalani ndi khonde loti muthawireko mvula. M'chilimwe, pamene udzu wauma ndipo fumbi lachuluka, mitundu yakuda pang'ono monga yobiriwira kwambiri kapena yofiirira imagwira bwino, ndipo mpendero wa diresi loyera umada msanga. Tchajani mabatire dzulo lake, musadalire kuti magetsi adzakhalapo m'mawa.

Malo ojambulira mupemphe kaye kwa eni ake. Mitengo yowirira yokongola imene mumaiona m'midzi ya kuno nthawi zambiri ndi kumanda, ndipo kwina ndi kudambwe la Gule Wamkulu. Kumeneko si kolowa ndi kamera, ndipo mlandu wake kwa amfumu ungadye phindu la mwezi wonse.

Tengani mpando ndi madzi akumwa. Ntchito yonse isapitirire ola limodzi, ndipo yambani ndi zithunzi zimene muli ana chifukwa ndiwo amatopa msanga. Musamugoneke mayi chagada nthawi yaitali, popeza m'miyezi yomaliza kugona chotero kumabweretsa chizungulire. Akadandaula mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka m'mimba kapena kutaya magazi, siyani kamera pomwepo apite kuchipatala chapafupi. A ku Namitete ali ndi St Gabriel's, a ku Kabudula ali ndi chipatala chawo, ndipo a pa Mpingu ali pamsewu wolunjika ku Bwaila. Khalani ndi nambala ya woyendetsa galimoto amene mumamudalira.

Nkhani yaikulu kuposa zonse pa malonda amenewa ndi chinsinsi. Wamalonda aliyense amafuna kuonetsa ntchito yake pa Facebook kapena pa sitetasi ya WhatsApp, koma chithunzi cha mayi woyembekezera si chofanana ndi cha suti ya ukwati. Si pakati ponse pamene pamatha bwino. Banja likataya mwana, chithunzi chimene chili patsamba lanu kapena pakhoma la situdiyo chimasanduka bala, ndipo kumudzi satha kulankhula kuti mimbayo inaonetsedwa kwa anthu. Choncho musaike chithunzi paliponse mwana asanabadwe, ndipo atabadwa pemphani chilolezo kwa mayiyo. Akavomera, alembe pa uthenga wa foni kuti pakhale umboni. Akakana, kapena akasintha maganizo pambuyo pake, chotsani. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA limayang'anira. Ngakhale popanda lamulolo, pamsika waung'ono ngati wa Mpingu mbiri imayenda msanga. Pofuna kutsatsa malonda, jambulani diresi lili pa chidole, kapena pemphani mayi amene anachira kale.

Mutu umodzi susenza denga. Telala, wa saluni ndi wojambula apangane mtengo umodzi wa zonse, alembe chimene aliyense adzalandire, ndipo mmodzi akhale wolandira ndalama. Kasitomala amakonda kulipira pamodzi kusiyana ndi kunenerera katatu. Ikani mitengo iwiri: wotsika wa diresi la hayala, duku ndi zithunzi zotumiza pa foni, ndi wokwera wa diresi losoka, zovala za bambo ndi ana, ndi chithunzi chimodzi chotsukidwa cha mufelemu. Kumbukirani kuti ndalama kuno imayenda ndi zokolola. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, pamene fodya akugulitsidwa ku Kanengo ndipo mtedza ndi soya zili pamsika, mtengo wokwera ungayende. Mu Januwale ndi Febuluwale dalirani wotsikawo.

Musakakamize banja kutenga katapila chifukwa cha chithunzi. Mayi afunika zitenje, beseni, zovala za mwana ndi ndalama ya thiransipoti ya tsiku lopita kuchipatala, ndipo zimenezi ndizo zoyamba. Wa zitenje amene amukumbutsa zimenezi sataya kanthu, chifukwa zitenje zakuchipatalazo adzazigula kwa iye yemweyo, kenako matewera, kenako zovala za ubatizo.

Poyambira sipafuna mpamba waukulu. Sabata ino patulani madiresi awiri kapena atatu, achapeni, gulani kope, ndipo kambiranani ndi telala ndi wojambula amene mumawadalira pamsika wanu.