Mfumu Yobwera ndi Eni Nthaka: Nzeru Zakale za ku Mapiri a Chitipa

Mabuku a mbiri akamafotokoza kumene kudachokera maganizo akuluakulu okhudza Mulungu, chilungamo ndi kayendetsedwe ka dziko, malo amene amatchulidwa ndi omwewomwewo: Greece, Israel, India ndi China. Katswiri wina wa ku Germany, Karl Jaspers, adalemba mu 1949 kuti pakati pa zaka za 800 ndi 200 Khristu asanabadwe, anthu a m'maiko otalikiranawa adayamba kufunsa mafunso ofanana. Ku China kudali Confucius, ku India kudali Buddha, ku Israel kudali aneneri monga Amosi ndi Yesaya, ndipo ku Athens kudali Socrates. Zimenezi ndi zoona ndithu. Koma mwana wa sukulu akaziwerenga amatseka buku ali ndi ganizo lakuti kumene kunalibe zolemba, anthu ankangolima, kubereka ndi kufa osasinkhasinkha kanthu. Ganizo limeneli ndi lolakwika. Chimene chimabala nzeru zotere si cholembera ayi, koma vuto limene anthu osiyana mitundu amakumana nalo akapezeka pamalo amodzi: alamule ndani, mphamvu zake wazitenga kuti, ndipo akalakwa amuletse ndani? Amene akufuna kuona m'mene mafunso amenewa amabadwira sayenera kuwoloka nyanja. Apite ku Chitipa.

Boma la Chitipa, limene pa nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Hill, lili kunsonga kwenikweni kwa dziko lathu, pakati pa Tanzania ndi Zambia. Kumpoto kuli mtsinje wa Songwe, kum'mawa kuli mapiri a Misuku, kumalire ndi Zambia kuli mapiri a Mafinga, ndipo kum'mwera dziko limakwera kulowera ku Nyika. M'boma limodzi lomweli mumamveka Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chimambwe, Chinamwanga, Chibemba ndi Chitumbuka, kungotchulapo zina. Kuchuluka kwa zinenerozi ndi mapazi a anthu amene akhala akulowa m'derali kuchokera mbali zonse kwa zaka mazanamazana, aliyense ndi mizimu yake ndi malamulo ake a ukwati ndi maliro.

Katswiri wa mbiri wa ku Malawi kuno, Owen Kalinga, adayenda m'midzi ya kumpotoku kumvetsera akuluakulu, ndipo mu 1978 adasindikiza zimene adapeza za ufumu wa Alambya, kenako mu 1985 buku la ufumu wa Angonde. Mbiri imene adasonkhanitsa imati cha m'ma 1600 kudafika magulu a anthu ochokera ku mapiri a Ukinga, kum'mwera kwa Tanzania wa lero. Akatswiri amawatchula kuti anthu a Ngulube, potengera dzina la mulungu amene ankamupembedza. Mwa iwo mudatuluka Mwaulambya amene adakhazikitsa ufumu wa Ulambya, a Msukwa amene adalamula ku Misuku, Kameme amene adakakhala chakumadzulo, ndi Kyungu wa Angonde amene adatsikira kuchigwa cha Karonga. Palibe mmodzi yemwe adapeza dziko lopanda anthu. Mwaulambya adapeza a Sikwese, a Msukwa adapeza a Simwayi ndi a Silumbu, ndipo Kyungu adapeza a Simbobwe pa phiri la Mbande. Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendowa adabweradi ndi luso losonkhanitsa mabanja ambiri pansi pa mfumu imodzi. Chimene analibe ndi manda a makolo awo m'nthaka imeneyo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. M'kaganizidwe ka anthu a dera lonseli, mvula, chonde ndi thanzi la ziweto zimadalira mizimu ya amene adayamba kugwetsa mitengo ndi kuikidwa m'manda pamalopo. Mizimu imeneyo imamva mawu a zidzukulu zake. Mlendo, kaya ali ndi mikondo yochuluka bwanji, sangaipembedze yekha. Ndiye mfumu yobwera ikafuna kuti mawere ache m'minda, iyenera kukhala bwino ndi banja limene idalipeza. Mwaulambya adachita zomwezo: mabanja akale sadawathamangitse, koma adawasunga pafupi monga nduna zake zazikulu, kugawana nawo ulemu wa ufumu. Zotsatira zake zikumveka mpaka lero m'kamwa mwa anthu, chifukwa Chilambya ndi chapachibale kwambiri ndi Chinyiha, chinenero cha amene adapezeka kale. Olamula ndiwo adasiya chinenero chawo n'kutenga cha olamulidwa. Ine ndikuona kuti pamenepa pali ganizo lathunthu la ndale, lakuti mphamvu siyenera kukhala yonse m'dzanja limodzi, ndipo kuti kugonjetsa anthu sikupatsa munthu ufulu pa nthaka yawo. Achewa tikulidziwa ganizo lomweli: a Phiri adatenga ufumu wa Kalonga, koma za mvula zidakhala m'manja mwa a Banda, ndipo Makewana wa ku Msinja ankapatsidwa ulemu ndi mafumu omwe.

Kuchigwa, kwa abale awo a ku Karonga, ganizoli lidafika pena poopsa. Kyungu ankakhala mobisika pa phiri la Mbande, osaonekera wamba kwa anthu, ndipo olankhula m'malo mwake adali nduna zotchedwa makambala. Thupi lake linkatengedwa kuti ndi lolumikizana ndi dziko lonse: akakhala wathanzi mvula igwa, ng'ombe ziswana, akafooka, dziko nalo lifooka. Choncho akadwala kwambiri, nduna zomwezo zinali ndi udindo womutsitsa mpweya asanafe yekha, kuti mphamvu ya dziko isapite naye kumanda. Godfrey ndi Monica Wilson, amene adakhala pakati pa Anyakyusa ndi Angonde m'zaka za m'ma 1930, adalembanso za chikhulupiriro china cha Anyakyusa a kutsidya kwa Songwe. Munthu akachita choipa, monga kumana anzake nyama pamwambo kapena kunyoza makolo ake, anthu a m'mudzi sankafunika kumugwira. Kung'ung'udza kwawo kokha, kumene ankakutcha mpweya wa anthu, kunkakhulupiriridwa kuti kumamudwalitsa malungo osatha. Mfumu nayo sinali pamwamba pa mpweya umenewu, ndipo nyakwawa za m'midzi, zomwe zinkasankhidwa pakati pa anthu wamba, ndizo zinkauimirira. Ku China, mafumu a Zhou atalanda ufumu cha m'ma 1046 Khristu asanabadwe, adaphunzitsa kuti Kumwamba ndiko kumapereka ulamuliro ndipo kumaulanda kwa mfumu yozunza anthu. Amenewo timawatcha maziko a nzeru za ndale za ku China. Nanga n'chifukwa chiyani ganizo la m'mbali mwa Songwe, lakuti madandaulo a anthu wamba ali ndi mphamvu yogwetsa mfumu, tizingolitcha zamizimu basi?

Wina anena kuti kupha mfumu yodwala ndi nkhanza, ndipo kuopa kung'ung'udza kwa anansi kumatsegula khomo lonamizirana ufiti. Ameneyo sakunama. Mwambo wotsitsa mpweya sungabwerere, ndipo palibe woulira. Mantha a ufiti avulaza anthu osalakwa, makamaka okalamba, ndipo akuwavulazabe. Koma tiyese ndi muyeso umodzi. Athens yemwe timamutamanda uja adali ndi akapolo ambirimbiri, ndipo ndi bwalo la mzinda womwewo limene lidaweruza Socrates kuti amwe poizoni mu 399 Khristu asanabadwe. Malamulo a Hammurabi wa ku Babylon amapereka chilango chosiyana kwa wolemekezeka ndi kwa kapolo pa mlandu umodzi. Sitidataye maganizo a anthu amenewa chifukwa cha zoipa zawozo. Tidasankha chofunika kusunga, ndipo chofunika kusunga kwa makolo a kumpotoku ndi mfundo yakuti mfumu ilipo chifukwa cha moyo wa dziko, osati dziko chifukwa cha mfumu.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi cha zolemba. Popeza zonsezi zidafika kwa ife kudzera pakamwa, tingadziwe bwanji kuti si nkhani zimene mabanja achifumu adakonza kuti ateteze mipando yawo? Funsoli ndi labwino, ndipo n'zoona kuti mbiri ya pakamwa imakometsa mwini wake. N'chifukwa chake wofufuza waluso samvera banja lachifumu lokha. Amapitanso kwa mabanja amene adapezeka kale, n'kuyerekeza zonena zawo. Palinso mboni zimene sizingauzidwe chonena. Chinenero ndi imodzi, monga taonera pa Chilambya. Nthaka ndi ina: K. R. Robinson atakumba pa Mbande m'zaka za m'ma 1960 adapeza mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera kunja, umboni wakuti phirilo lidalidi likulu la anthu amene ankachita malonda ndi maiko akutali. Ndipo tisaiwale kuti Socrates sadasiye buku, Buddha nayenso sadalembe kanthu. Ziphunzitso za Buddha zidayenda pakamwa kwa zaka mazana angapo zisanalembedwe ku Sri Lanka. Chimene zolemba zimachita, ndipo ndi chachikulu, ndi kusunga dzina la woganiza ndi mtsutso wake, kuti mdzukulu adzathe kuyankha agogo ake mawu ndi mawu. Apa ndiye tidaluza kwenikweni. Ganizo la ku Ulambya lidatifika litavala mwambo, koma amene adatsutsana pabwalo mpaka kugwirizana kuti a Sikwese asachotsedwe, mawu awo adapita ndi mphepo.

Ena amati maufumu amenewa adali ang'onoang'ono, ndiponso a posachedwa, osayenera kuikidwa pamzere umodzi ndi maiko akale otchuka. Za kuchepa sizikundivuta. Dera lonse la Athens lidali la makilomita pafupifupi 2,500 m'bwalo lake, pamene boma la Chitipa limapitirira 4,000. Yuda wa aneneri adali kadziko kakang'ono kopanikizika pakati pa Egypt ndi Assyria, ndipo Confucius adachokera ku Lu, kaufumu kamodzi mwa ambiri amene ankalimbana. Maganizo atsopano amakonda kumera m'malo otere, momwe maufumu ang'onoang'ono ayandikana, ndipo munthu wosakhutira ndi mfumu yake angathe kusenza katundu n'kuwoloka mtsinje kupita kwa ina. Mfumu yodziwa kuti anthu angaithawe imaphunzira kumvera. Za kuchedwa kwa nthawi, ndiko kutithandiza: zimene zidachitika ku China zaka 3,000 zapitazo timaziona patali, koma ku Chitipa mabanja amene adapangana aja alipo, maina awo akuitanidwa m'kaundula wa sukulu m'mawa uliwonse.

Chimene chidasokoneza dongosololi ndi boma la atsamunda. Lamulo la 1912, kenako la 1933 lokhazikitsa ulamuliro kudzera mwa mafumu, lidachititsa kuti mfumu izindikiridwe ndi bwanamkubwa, itolere msonkho ndi kuyankha kwa DC. Titalandira ufulu, lamulo la mafumu la 1967 lidapereka mphamvu yovomereza ndi kuchotsa mfumu kwa Pulezidenti. Maina a Mwaulambya, Mwenemisuku, Kameme, Mwenewenya ndi Nthalire akadali m'mabuku a boma, ndipo mafumuwo akugwirabe ntchito yaikulu yoweruza milandu ndi kugawa malo. Koma malamulowa adatembenuza nkhope ya mfumu kuti iziyang'ana kumtunda, kumene kumachokera kalata ndi mswahala, pamene kale inkayenera kuyang'ananso kwa nduna za mabanja akale ndi kwa anthu ong'ung'udza kuseri kwa nkhokwe. Mbali ya mfumu yobwera idalembedwa m'malamulo a dziko, ndipo mbali ya eni nthaka, imene inkaigwira dzanja mfumuyo, idasiyidwa kuti izidalira chikumbumtima cha wokhala pampando.