Musanagule nyumba kwa Chowe, dziwani mwini dothi

Mukawoloka mlatho wa pa Shire ku Mangochi n'kutenga msewu wokwera mapiri wopita ku Namwera ndi ku Chiponde, mumadutsa m'dera la Mfumu Yaikulu Chowe. M'midzi ya kumeneku simusowa kanyumba kakale ka malata kamene eni ake adapita ku Joni kapena adamwalira, ndipo mtengo wake umakopa mphunzitsi kapena wazaumoyo amene watopa ndi lendi. Wogula adziwiretu kuti ndalama yake ikugula makoma, zitseko ndi malata. Dothi lili pansipo lili ndi eni ake komanso malamulo ake.

Malo ambiri a m'midzi ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Makhoti a m'dziko muno akhala akunena kuti wokhala pamalo otere ali ndi ufulu wokhalapo ndi kulimapo, koma sangawagulitse mwa iye yekha. Ngakhale kalata ya mfumu yokhala ndi chidindo ndi umboni chabe woti mudzi wakulolani. Sikupatsani umwini wolembetsedwa kuboma.

Poyambira penipeni ndi kubanja. Ayao ambiri amatsata chikamwini: mwamuna amakamanga kwa mkazi, ndipo malo amayenda kuchikazi. Choncho bambo amene wagwira makiyi, amene akulozerani kuti malata awa adagula yekha ndi ndalama za ku Joni, akhoza kukhala akunena zoona, komabe alibe mawu pa malowo. Mawu ali ndi mkazi wake, abale ake a mkaziyo ndi mwinimbumba, amene kawirikawiri amakhala malume kapena mlongo wamkulu. Khalani nawo pansi onsewa pamodzi, masana, anthu akuona. Ngati wina ali kunja, aimbiridwe foni pagulu pomwepo, avomere yekha. Milandu yambiri ya nyumba imabuka mwana akabwerako kuulendo n'kupeza mlendo akusesa pakhomo pa mayi ake.

Ikakhala nyumba ya masiye, samalani koposa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Wogulitsa akuonetseni chikalata chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Akayamba kuzemba, bwezani ndalama m'thumba. Ine sindiona phindu m'nyumba yotchipa imene ana amasiye atulutsidwamo.

Banja likagwirizana, nkhani ipite kwa nyakwawa, kenako kwa a Gulupu. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018, lidakhazikitsa komiti ya zamalo pa Gulupu aliyense: wapampando ndi a Gulupuwo, mamembala ena ndi 6 osankhidwa ndi anthu, ndipo atatu mwa iwo, kapena kuposa, akhale amayi. Komwe komitiyi ikugwira ntchito, ndiyo njira yolembetsera malo, ndipo mfumu siigamula yokha. Mikangano imapita kubwalo la zamalo la kwa Mfumu Yaikulu, ikakanika imakwera kubwalo la zamalo la boma lonse la Mangochi. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsanso malamulowa, n'kuletsa kugulitsa malo kwa munthu yemwe si nzika ya Malawi, zomwe zimakhudza abale a ku Mandimba, kutsidya kwa malire a dziko a pa Chiponde, ngakhale chilankhulo ndi chimodzi. Ndiye musanapereke ndalama, tsikirani ku ofesi ya zamalo ku khonsolo ya Mangochi, akuuzeni zololedwa pa malo amenewo.

Tsiku loyendera malire itanani oyandikana nawo mbali zonse. Yendani wapansi kuyambira kuchulu mpaka kumtengo wa mango, ndipo funsani kuti mangowo ndi a yani, chifukwa mtengo umatha kukhala wa amene adaubzala ngakhale uli pabwalo panu. Funsaninso za kanjira kopita kumjigo, ndiponso ngati pali manda pafupi. Zonse zilembedwe: malire, mtengo wogulira, tsiku, mayina a mboni ndi manambala a ziphaso zawo za unzika. Aliyense asayine kapena adinde chala, ndipo mbali iliyonse isunge pepala lake.

Nyumbayo muiyang'ane nyengo ya mvula ngati n'kotheka. Gogodani mitengo ya denga kuti mumve ngati chiswe chidadya m'kati, onani ming'alu ya m'makona ndi kumene madzi ochokera kuphiri amadutsa.

Mukalowa, dzina lanu lilembedwe m'kaundula wa mfumu. Kumaliro, kusadaka ndi kuntchito ya chitukuko muzipezeka, ndipo lemekezani Lachisanu la anansi anu achisilamu, pakuti anthu omwewa ndiwo adzakuikireni umboni mkangano ukadzabuka. Ndalama yomaliza muipereke pamaso pa mfumu ndi mboni, mwinimbumba atasayina kale.