Bauti wa njinga yamoto wagwa: mugula wotani?

Imani pa siteji ya akabaza ku Kamuzu Road kapena ku Senga Bay, muyang'anitsitse njinga zamoto zomwe zaima pamenepo. Ndikukutsimikizirani, mupezapo ina yomwe madigadi ake kapena chotchingira tcheni chamangidwa ndi waya. Bauti adagwa kalekale. Injini ya njinga zimenezi imanjenjemera, misewu yafumbi yopita m'madoko ndi yamabampu, ndiye bauti amamasuka pang'onopang'ono mpaka kugwera mumchenga. Kumupeza mumchenga wa kunyanja? Iwalani.

Ambiri amapita kuhadiweya n'kunena kuti, "Ndipatseni bauti wa 10." Apa m'pamene pamayambira chisokonezo. 10 ameneyo ndi saizi ya sipanala, kutanthauza kuti mutu wa bautiyo ndi mamilimita 10 m'lifupi. Bauti weniweniyo dzina lake ndi M6. Chilembo cha M chikuimira metric, ndipo 6 ndi kunenepa kwa thunthu lake m'mamilimita, kuyeza pamwamba pa mazinga. (Musasokoneze ndi M5, msewu wathu wopita ku Nkhotakota, kapena M14 wochokera ku Lilongwe. Mayina angofanana basi.)

Ine sindikhulupirira mutu, chifukwa umanama. Bauti wa M8 wa muyezo wa ISO amamasulidwa ndi sipanala 13, koma M8 yemweyo wa muyezo wa ku Japan, umene njinga zambiri za ku Asia zimatsatira, amafuna sipanala 12. Thunthu ndi limodzimodzi, mitu ndiyo yosiyana.

Tsono chofunika kwambiri ndi mazinga. Mu Physics mudaphunzira za inclined plane. Bauti ndi chitunda chomwecho, kungoti chakulungidwa mozungulira chitsulo. Mtunda wochokera pa nsonga ya zinga limodzi kufika pa lotsatira umatchedwa pitch, ndipo ndiwo mtunda umene bauti amalowa mukamuzunguza kamodzi. M5 wamba ali ndi pitch ya 0.8, M6 ali ndi 1.0, M8 ali ndi 1.25. M10 ndiye wovutirapo: wa m'hadiweya nthawi zambiri amakhala wa 1.5, pomwe panjinga mumapezeka kwambiri wa mazinga othithikana a 1.25.

Muyeza bwanji pomwe bautiyo watayika? Masulani mnzake. Mabauti ambiri panjinga amakhala awiriawiri, wina kumanzere wina kumanja. Muyezeni kunenepa ndi vernier calipers ya ku labu, mukapeza 7.8 kapena 7.9, ameneyo ndi M8, poti amapangidwa ochepera pang'ono kuti azilowa. Pitch imodzi ndi yaying'ono kwambiri kuti muione pa rula, choncho dindani mazinga pa pepala, muwerenge mizere 11, yomwe ili ndi mipata 10 pakati pake. Yezani mtundawo, mugawe ndi 10. Mukapeza mamilimita 12.5, pitch ndi 1.25. Kutalika kumayezedwa kuyambira pansi pa mutu, mutuwo osauwerengera. Mwatero muli ndi dzina lonse, monga M8 x 1.25 x 30.

Msampha waukulu uli m'mabeseni a mabauti akale omwe amagulitsidwa mumsika. Mmenemo mumasakanikirana a metric ndi a mainchesi. Ena ndi a mtundu wa Whitworth, muyezo umene Joseph Whitworth adakhazikitsa ku Britain mu 1841, womwe mazinga ake ali ndi ngodya ya madigiri 55 pomwe a metric ndi 60. Tengani bauti wa 5/16 inchi: kunenepa kwake ndi mamilimita 7.94, ndipo ndi maso simungamusiyanitse ndi M8. Koma ali ndi mazinga 18 pa inchi, ndiye pitch yake ndi 25.4 kugawa ndi 18, yomwe ndi 1.41. Kusiyana ndi 1.25 ndi 0.16 chabe. Akazungulira kawiri amalowa bwinobwino. Akafika kasanu, kusiyanako kwakwana 0.8, kupitirira theka la zinga, ndipo amalimba. Munthu amati wagwira, n'kuwonjezera mphamvu pa sipanala. Chimene chikuchitika mkatimo n'chakuti chitsulo cholimba chikupala mazinga a aluminiyamu wofewa wa injini. Bauti wotchipa uja wawononga chipangizo chodula kwambiri. N'chifukwa chake amakaniko odziwa ntchito amayamba kulowetsa bauti ndi zala, sipanala imabwera kumapeto. Wotalika kwambiri nayenso ndi woopsa: amagunda pansi pa bowo asanapane chilichonse.

Chomaliza, yang'anani manambala pamutu. 8.8 akutanthauza kuti chitsulocho chimaduka chikakokedwa ndi manyutoni pafupifupi 800 pa sikweya milimita iliyonse. M8 ali ndi masikweya milimita 36.6 pa mazinga. Chulukitsani: manyutoni oposa 29,000, ngati kupachikapo matani pafupifupi atatu. Wa 4.8 amapirira pafupifupi theka la pamenepo. Pa nambala puleti wa 4.8 alibe vuto. Koma pa mabuleki, pa shokapu kapena popondera, pa njinga yomwe yanyamula mayi, mwana ndi dengu la usipa, ine sindingalole wochepera mphamvu kuposa amene adagwayo. Mabauti ena a ku fakitale amangolembedwa nambala imodzi kapena salembedwa n'komwe. Oterowo, akakhala a malo oopsa amenewa, kagulireni kwa ogulitsa masipeya a njinga yomweyo, mnzake uja ali m'thumba.