Kukonza kompyuta ya ku Ndirande uli ku Chinyonga: loko ilipo, samalani kiyi

Azakhali anga ali ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa makalata ku Ndirande. Kompyuta ikangovuta, foni imalira kwa ine: "Bwera msanga mwanawe, anthu akudikira ma CV awo." Poti ndinapondako ku yunivesite, ngakhale sindinamalize, kubanja kwathu injiniya ndine. Ndiye ndinkanyamuka kuno ku Chinyonga, minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwerera, n'kukapeza kuti vuto lake ndi lofuna kudina kawiri basi.

Masiku ano sindipitanso. Ndimalowa mu kompyuta yawo ndili pampando kunyumba, iwo n'kumaona kamuvi kakuyenda kokha pa sikirini.

Funso lomwe anandifunsa tsiku loyamba ndi lomwe aliyense ayenera kufunsa: "Nanga munthu wina sangaone zomwe zikudutsa pa intanetipo?" Mu kompyuta muja muli zitupa za unzika zomwe makasitomala anasikanitsa, satifiketi za MSCE ndi makalata a ku banki. Zitatayika, mbiri ya shopu yathera pomwepo.

Yankho lake ndi encryption. Makompyuta awiriwo asanayambe kutumizirana kanthu, amagwirizana kiyi wachinsinsi, ndipo chilichonse chimanyamuka chitasokonezedwa. Wobisalira panjira, kaya pa WiFi ya palodge kapena pa kafe, amangotola zilembo zopanda mutu. Ndi nzeru yomweyo yomwe WhatsApp inaika pa mauthenga onse mu 2016.

Kale sizinali choncho. Pulogalamu yakale ya Telnet inkatumiza pasiwedi poyera ngati positikhadi. Mu 1995, Tatu Ylönen wa ku Finland, ataona kuti ma pasiwedi akubedwa pa netiweki ya yunivesite yake, analemba SSH, yomwe mpaka lero akatswiri amalowera m'ma seva akutali. Koma SSH ndi sikirini yakuda yofuna kutayipa malamulo. Azakhali mungawauze zimenezo?

Chomwe chasintha n'chakuti loko yemweyo anamuika m'mapulogalamu ongodina. Ife timagwiritsa ntchito Chrome Remote Desktop, yomwe ndi yaulere, bola mukhale ndi akaunti ya Google. Azakhali amadina batani, pamatuluka nambala ya madijiti 12, n'kundiwerengera pa foni. Ndikaitayipa, kwawo kumabwera funso ngati akulola, ndipo akakana sindilowa. Nambalayo ikakhala mphindi 5 osagwiritsidwa ntchito imafa. Pa Windows 10 ndi 11 palinso Quick Assist, yomwe imayenda mofananamo. Enanso amakonda AnyDesk kapena TeamViewer.

Koma apa mvetsetsani, abale anga. Encryption imateteza msewu, siyisankha mlendo. Mukapereka nambala ija kwa tambwali, ulendo wake wokuberani umakhalanso wotetezedwa bwinobwino. Mabodza aja tinazolowera a "ndatumiza ndalama molakwika" ali ndi m'bale wake: munthu amaimba ngati ndi wa ku banki kapena kampani ya foni, n'kukuuzani kuti muike AnyDesk kuti akuthandizeni. Mukatero amaona zonse zomwe mukuchita pa sikirini. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo, koma mlandu ukamafika kupolisi ndalama zimakhala zitadyedwa kale.

Ndiye ine ndi azakhali tinagwirizana zinthu zinayi. Nambala amapereka akaimba okha, osati wina akawaimbira. Ndisanalowe amatseka masamba a banki ndi mafayilo a makasitomala. Ndikamagwira ntchito amakhala pomwepo akuyang'ana. Ndikamaliza amadina Stop Sharing okha, osadikira ine.

Zovuta zilipo ndithu. Magetsi akathima mbali imodzi, nkhani yatha. Netiweki ikafooka kamuvi kamayenda ngati nkhono, bandulo nayo imatha msanga mukachedwapo. Ndipo pepala likakodwa mu printa, palibe intaneti yomwe ingalisolole.

Sabata yatha anaimbiridwa ndi munthu wodzitcha wa ku banki. Anamuyankha kuti, "Injiniya wanga ali ku Chinyonga, lankhulani naye." Foni inaduka pomwepo.