Ngakhale webusaiti ya lendi ifunika loko

Ambili a ife amalonda ang'onoang'ono timaika mawebusaiti athu pa seva imodzi ndi anthu ena, monga alendi a pabwalo limodzi. Kale, kuti mlendi wotele akhale ndi setifiketi ya SSL, anali kulipilila adilesi ya IP yakeyake ndi kugula setifiketiyo caka ndi caka. Lelo njila yochedwa SNI imalola mawebusaiti ambili kugawana adilesi imodzi, ndipo kuyambila mu December 2015 Let's Encrypt imapeleka masetifiketi kwaulele.

Setifiketi imabisa zimene kasitomala alemba, monga pasiwedi, kuti akuba asaziŵelenge panjila. Kuyambila mu July 2018, Chrome imacenjeza anthu kuti webusaiti yopanda setifiketi ni yosatetezeka. Ndani angatumize ndalama ataona cenjezo lotele?

Koma setifiketi yaulele imatha mphamvu isanapitilile miyezi itatu. Conco tisanalipile lendi, tifunse eni seva ngati imakonzedwanso yokha, ndiponso ngati makasitomala olemba http amapititsidwa ku https. Akalephela kuyankha, tisamukile kwina.