Phwando la mphika waukulu pa thireyi imodzi

M'mbali mwa nyanja ya mchere kumwera kwa dziko la United States, kuyambira ku South Carolina ndi Georgia mpaka ku Louisiana, kuli chakudya chimene saphikira munthu mmodzi. Amayatsa moto wa gasi panja, kuterekapo chimphika cholowa malita 50 kapena kuposa, kuthiramo madzi, mchere ndi tsabola mosaumira, kenako n'kumaponyamo kachewere, chimanga chachiwisi chodulidwa zidutswa, masoseji ndi ma shrimp, tinyama ta chikhungwa ta m'nyanja tomwe ndi tachibale ndi nkhanu. Zikapsa amatsanula madzi n'kukhuthulira zonse patebulo poyala manyuzipepala, anthu n'kumadya ndi manja ali chiimire. Pachilumba cha St. Helena ku South Carolina, kwawo kwa a Gullah, zidzukulu za Aafirika amene anatengedwa ukapolo kukalima mpunga ndi thonje, chakudyachi chimatchedwa Frogmore stew, ndipo ambiri amati amene anachitchukitsa ndi Richard Gay, wa m'banja la ogulitsa nsomba, m'zaka za m'ma 1960 pamene ankaphikira asilikali anzake. M'zaka zaposachedwa m'makhitchini a ku America mwafala kaphikidwe kena: zinthu zomwezo, koma zoyalidwa pa thireyi imodzi yachitsulo n'kuwotchedwa mu uvuni, zokwanira banja la anthu anayi madzulo a tsiku lantchito. Eni mwambo amapukusa mutu. Ine ndikuona kuti kaphikidwe ka mu uvuni n'koyenera kulemekezedwa, chifukwa chinsinsi cha chakudyachi chagona pa nthawi imene chinthu chilichonse chimalowera pamoto, ndipo nthawiyo thireyi imatha kuisunga monga momwe mphika umachitira.

Taonani mmene wodziwa ntchito amachitira pa chimphika chija. Saponyamo zonse pakamodzi. Kachewere ndiye amayamba, chifukwa ngakhale wamng'onowamng'ono amafuna mphindi 15 kapena 20 m'madzi owira kuti afewe mpaka pakati. Masoseji a kumeneko, monga andouille wa ku Louisiana, amagulidwa atapsa kale ndi utsi, motero amangofuna kutenthedwa ndi kutulutsa mafuta awo. Chimanga chawo, chamtundu wotsekemera wa khungu lofewa, chimapsa pa mphindi 5 kapena 7. Ma shrimp amalowa pomalizira penipeni ndipo pa mphindi 2 kapena 3 amakhala atapsa. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo chifukwa chake chili m'chilengedwe cha zinthuzo. Kachewere ndi wolimba ndi wothinana, ndipo amafuna kutentha kulowe pang'onopang'ono. Nyama ya shrimp ndi timinofu tating'ono todzaza madzi. Kutentha kukangopitirira, timinofuto timakhwinyata n'kufinya madziwo, ndipo chotsala mkamwa chimatafunika ngati mphira ya legeni. Choncho amene amalemba kuti "ingoyalani zonse pathireyi, mulowetse mu uvuni, mukapume" akusocheretsa anthu. Mukatero mudzapeza chimodzi mwa ziwiri: kachewere wosapsa pakati, kapena ma shrimp ouma amene mwawononga nawo ndalama zambiri.

Njira yolondola siyovuta. Kwa anthu anayi pamafunika kachewere wamng'onowamng'ono wolemera magalamu 600, zitsononkho zitatu za chimanga zodulidwa panayi, masoseji a magalamu 350 odulidwa tizidutswa tokhuthala ngati chala, ma shrimp theka la kilogalamu, batala wosungunula masupuni aakulu anayi, adyo wosinja, ndimu ndi zokometsera. Uvuni utenthe kufika madigiri 220 musanalowetse kanthu. Kachewere mumufutse kaye m'madzi amchere wambiri kwa mphindi 10, n'kuponyamo chimanga pa mphindi 5 zomalizira, kenako mutsanule madzi ndi kusiya nthunzi ituluke. Kachewereyo mumudule pakati, mumusakanize ndi chimanga, masoseji ndi gawo lalikulu la batala wosakaniza ndi adyo ndi zokometsera, ndipo poyala pathireyi mbali yodulidwa iyang'ane pansi kuti ikhudze chitsulo. Pakatha mphindi 15, tulutsani thireyi, ikani ma shrimp opakidwa batala wotsala m'mipata, mubwezere mu uvuni kwa mphindi 6 kapena 8. Apa maso aposa wotchi. Shrimp wosaphika amakhala wotuwa ndi woonekera mkati. Akapsa chikhungwa chimafiira, chifukwa kutentha kumamasula utoto wotchedwa astaxanthin umene unali utagwidwa ndi puloteni, ndipo nyama yake imayera. Akapindika ngati chilembo C ndiye kuti wapsa. Akafika popindika mpaka mutu kukumana ndi mchira, ngati chilembo O, mwachedwa.

Tsono chimene uvuni umawonjezera, chomwe mphika sungathe, ndi kupsa kofiirira. Madzi owira sapitirira madigiri 100, ngakhale mukolezere moto motani. Kufiirira kwa kunja kwa nyama yowotcha kapena buledi, ndi fungo lokoma limene limabwera nako, kumachitika mofulumira kutentha kukafika cha m'ma 140 kupita m'mwamba, pamene shuga ndi mapuloteni a pamwamba pa chakudya amaphatikizana. Katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1912. M'mphika soseji imatulutsa mafuta ake m'madzi amene pamapeto pake amatayidwa. Pathireyi mafuta omwewo amayenderera pansi pa kachewere n'kumukazinga, m'mphepete mwa soseji mumachita kukhirichira, ndipo njere za chimanga zoyang'ana kumoto zimawauka pang'ono n'kutsekemera kwambiri. Zokometsera nazo zimapindula. Chotchuka kwambiri pa chakudyachi ndi Old Bay, chosakaniza cha mchere wa selari, paprika, tsabola wofiira, tsabola wakuda ndi zina, chimene anayambitsa Gustav Brunn, Myuda wogulitsa zokometsera yemwe anathawa ku Germany ya chipani cha Nazi n'kukakhazikika ku Baltimore, ndipo kampani ya McCormick inachigula mu 1990. Ukali wa tsabola ndi utoto wa paprika zimasungunuka bwino m'mafuta kusiyana ndi m'madzi. N'chifukwa chake wophika m'chimphika amakhuthuliramo mapaketi athunthu, pamene wa thireyi supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri mu batala zimamukwanira. Koma phindu lonseli limatha mukadzaza thireyi mopitirira. Thireyi wamba ya ku America ndi ya masentimita 46 mulitali ndi 33 mulifupi, ndipo zinthu ziyenera kugona mosasanjikizana. Zikaunjikana, madzi otuluka m'chimanga ndi m'ma shrimp amasowa kothawira, chakudya chimaphikika ndi nthunzi, ndipo mumataya ubwino wa kuwotcha popanda kupeza wa kuwiritsa.

Eni mwambo ali ndi mfundo imodzi yolemera imene siyofunika kuinyozera. Ku Louisiana, akazimitsa moto amasiya zinthu zikhale m'madzi otentha aja kwa kanthawi kuti zimwe mchere ndi tsabola, ndipo kachewere wotuluka mmenemo amakoma mpaka mkati. Mu uvuni zokometsera zimangomata kunja. Izi n'zoona, ndipo palibe kuchuluka kwa batala kumene kungasinthe zimenezi. Yankho lake lili pa kufutsa kuja. Ambiri amakuona ngati njira yongofulumizitsira kachewere, koma ndi pomwe pali mwayi wokha wolowetsa mchere mkati mwake. Madzi ofutsira akhale amchere womveka bwino pa lilime, muthiremo supuni ya zokometsera, anyezi wodula pakati ndi makoko a ndimu, ndipo kachewere mumuboole ndi foloko asanalowe. Sadzafika pa wa m'chimphika, koma kusiyana kwake kumachepa kwambiri. Mfundo yawo ina, yakuti chakudyachi n'cha gulu, nayo ndi yoona, kungoti ikunena za chinthu china. Thireyi imadyetsa anthu anayi. Mukaika ziwiri mu uvuni umodzi nthunzi imachuluka ndipo mumayenera kumazisinthanitsa malo. Anthu akafika 20, uvuni wagonja. Koma banja lokhala m'nyumba yosanja ku Atlanta kapena ku Chicago, lopanda bwalo loyatsirapo moto, silikusankha pakati pa thireyi ndi phwando la pagombe. Likusankha pakati pa thireyi ndi kusadya chakudyachi n'komwe.

Wina angafunse kuti, ngati kachewere afuna poto wofutsira, nanga "thireyi imodzi" ija ili pati? Funsoli n'lachilungamo, ndipo olemba za maphikidwe amakonda kulizembera. Poto angathe kupewedwa. Dulani kachewere tizidutswa ta masentimita awiri, mumupake mafuta ndi mchere, awotchedwe yekha kwa mphindi 20 kapena 25, kenako muwonjezere chimanga ndi masoseji kwa mphindi 10, ma shrimp pomalizira. Zimatheka ndithu, kungoti nthawi imatalika, chimanga chimakhwinyata pang'ono ndipo mchere sulowa mkati. Kwa ine, kutsuka poto mmodzi yemwe munangowira madzi ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi zimene mumapeza. Dandaulo lakuti uvuni umaumitsa ma shrimp nalonso limayankhika ndi kusunga nthawi komweko, kuphatikizapo kukula kwa ma shrimpwo. Ku America amagulitsidwa ndi manambala monga 21/25, kutanthauza kuti ma shrimp 21 mpaka 25 ndiwo akukwana paundi imodzi, yomwe ndi magalamu 454. Nambala ikachepa, shrimp ndi wamkulu. Aakulu amapirira kutentha kwa uvuni, ang'onoang'ono amauma musanatembenuke. Kuwasiya ndi chikhungwa kumawateteza ndipo kumawonjezera kukoma, malinga mung'ambe pamsana ndi kuchotsa kamtsempha kakuda, komwe ndi thumbo lake ndipo nthawi zina kamakhala ndi mchenga. Kusenda patebulo kumadetsa manja, inde, koma chakudyachi sichinakhalepo cha mpeni ndi foloko.

Wowerenga wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete amene angafune kuyesa ayenera kusintha zinthu zingapo, ndipo pafupifupi zonse zikukhudza wotchi. Chimanga chathu cha mondokwa si chofanana ndi chotsekemera cha ku America: njere zake n'zolimba, motero chiyenera kulowa m'madzi kachewere asanalowe, n'kuwira mpaka chitatsala pang'ono kupsa, apo ayi uvuni udzachiumitsa ngati chokazinga. Masoseji ambiri a m'mabutchala mwathu ndi aawisi, osati opsa ndi utsi, choncho ayenera kulowa pathireyi athunthu kuyambira pachiyambi n'kudulidwa atapsa. A ng'ombe amagwira bwino ntchito kwa amene sadya nkhumba. Old Bay akasowa, paprika, tsabola wa kambuzi pang'ono, tsabola wakuda, mchere ndi adyo zimafika pafupi. Ma shrimp enieniwo, amene m'masitolo mwathu amalembedwa kuti prawns, ndi okwera mtengo chifukwa Malawi ndi Zambia alibe nyanja ya mchere. Otchuka m'dera lino ndi a ku Mozambique, ogwidwa m'madzi osaya a Sofala Bank kufupi ndi Beira ndi Quelimane. Amafika ataundana ndi chisanu, ndipo zimenezo si vuto, popeza ngakhale ku America ochuluka amachokera ku India, Ecuador ndi Indonesia ali oundana. Asungunuke usiku wonse m'firiji, kapena kwa mphindi 20 m'madzi ozizira, osati padzuwa kapena m'madzi otentha, ndipo muwapukute mpaka aume asanapakidwe batala. Ngati akununkha fungo loboola mphuno, atayeni. Musanaitane alendo funsani kaye, chifukwa a mpingo wa Seventh-day Adventist sadya nyama za m'madzi zopanda mamba ndi zipsepse, ndipo anthu ena thupi lawo limadana ndi ma shrimp moti amatupa kapena kubanika. Pogula yang'anitsitsaninso paketi. Ngati ali ofiira kale ali m'chisanu, ndiye kuti anaphikidwa kufakitale, ndipo amenewo alowe pathireyi pa mphindi 2 zomalizira zokha, kuti angotentha.