Korona ku Zingwangwa: Mkanda Kapena Pemphero?

Dzuwa likapendeka m'miyezi ya Meyi ndi Okutobala, Akatolika ambiri a ku Zingwangwa amasonkhana m'miphakati mwawo, lero pakhomo pa uyu, mawa pakhomo pa uje. Amayala mphasa, nayatsa kandulo, kenaka aliyense amatulutsa korona wake. Koma munthu akayang'anitsitsa pamphasapo aona kuti ochuluka ndi amayi ndi agogo. Anyamata amene amayenda ndi korona m'khosi pamsika kapena pamalo okwerera minibasi saonekapo kawirikawiri. Kodi korona wasanduka mkanda wodzikongoletsera?

Korona ali ndi mikanda 59. Mikanda 50 ili m'magulu asanu, khumi gulu lililonse, ndipo pa mkanda uliwonse amanena pemphero la Tikuoneni Maria. Gulu lililonse limayamba ndi Atate Athu. Kalekale ku Ulaya, anthu osadziwa kuwerenga ankalephera kunena Masalimo 150 monga ankachitira amonke, choncho ankabwereza mapemphero afupiafupi ka 150, namawerengera pachingwe. Mikandayo inali yothandiza kuti munthu asasokoneze chiwerengero pamene mtima uli kulingalira zina zakuya.

Zakuyazo ndizo zinsinsi za moyo wa Yesu. Lolemba ndi Loweruka amalingalira zachimwemwe, monga kubadwa kwake. Lachiwiri ndi Lachisanu zachisoni, kuyambira m'munda wa Getsemani mpaka pamtanda. Lachitatu ndi Lamulungu zaulemerero. Zinsinsi za kuwala, zimene zili za Lachinayi, adaziwonjezera Papa John Paul II m'chaka cha 2002. Papa yemweyu adafika mu mzinda wa Blantyre mu Meyi 1989.

Sizodabwitsa kuti pempheroli lidazika mizu m'chigawo cha kumwera. Ansembe a chipani cha Montfort, amene adakhazikitsa mishoni ya Nzama ku Ntcheu m'chaka cha 1901 nafalikira kumwera konse, ndi ana a Louis-Marie de Montfort, mlaliki wa ku France amene adamwalira mu 1716 atatha moyo wake akuphunzitsa anthu wamba kupemphera korona. Mwezi wa Okutobala udapatulidwa chifukwa chikondwerero cha Maria wa Korona chimakhala pa 7 Okutobala, tsiku la nkhondo ya panyanja ya Lepanto mu 1571.

Pali zolakwa ziwiri zimene aphunzitsi ayenera kuunikira ana. Choyamba ndi kuyesa korona chithumwa, ngati kuti kungomupachika m'khosi kapena pagalasi la galimoto kumathamangitsa ngozi ndi mfiti. Mpingo suphunzitsa zimenezo. Khasu lopachikidwa padenga silipalira munda. Chachiwiri ndi kuthamanga ndi mawu ngati mwana woloweza ndakatulo, pakamwa pali Maria koma mtima uli pa ngongole ya lendi. Korona wotere ndi phokoso chabe.

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Folomu 4, nakhala miyezi akudikira zotsatira kapena akuyendayenda ku Ginnery Corner ndi makalata ofunsira ntchito, amadziwa kulemera kwa kudikira. Korona sadzampatsa ntchito. Chimene angampatse ndi mphindi makumi awiri za bata tsiku lililonse, ndi anthu oti akhale nawo pamphasa imodzi. Pamphakati m'pamene zimamveka kuti uje wadwala, uje waferedwa, uje alibe ufa, ndipo chithandizo chimayambira pomwepo.

Anthu okhala m'tsinde mwa phiri la Soche sadzaiwala Malichi 2023, pamene namondwe Freddy adagumula phirilo, matope nakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Pa masiku otere mawu atsopano amasowa. Amene adaphunzira pemphero ali mwana amakhala nacho chonena ngakhale mumdima, zala zikuyenda zokha pamikanda.

Kuwongola mtengo m'poyamba. Agogo a pamphasa aja sadzakhalapo mpaka kale, ndipo korona amene ali m'khosi mwa mdzukulu akudikira tsiku limene adzatsikire m'manja.